Mgolo Wofiira wa ku Dar es Salaam

Nkhani iyi ndinaimva kwa alamu anga a Fabiano, amuna a akulu anga a Velonika, Lamulungu lina titachoka ku Misa, tikuswa mtedza pakhonde ku Kapata. Zinachitika zaka zija titangolandira ufulu, njira ya kumwera itatsekedwa, mafuta a galimoto akubwera pa malole kuchokera ku Dar es Salaam. A Fabiano anali mmodzi wa madalaivalawo. Amayi athu ankavutika ndi miyendo, ndipo wina kutchalitchi anawauza kuti madzi a m'nyanja ya mchere amachiritsa munthu akadzola. Anatuma a Velonika kuti akapemphe amuna awo, poti mpongozi ndi mkamwini sayankhulana maso ndi maso. Mulungu andithandize ndisawonjezepo kanthu. Kuyambira apa mawu ndi a alamu angawo.

Mlamu, inu mukudziwa kuti chikwatirire pamudzi panu amayi ankandiona ngati munthu wongoyendayenda, wosadziwa khasu. Aka kanali koyamba kuti andipemphe kanthu, ndiye ndinati zivute zitani madziwo abwere. Ndinatenga botolo lomwe tinkasungiramo palafini, kulitsuka mwachisawawa, ulendo.

Titafika tinapeza mzere wa malole wautali, ndipo ndinasiya galimoto ndi mnzanga n'kutsikira kunyanja. Madzi a m'mphepete anali onyansa, mafuta okhaokha ndi matumbo a nsomba. Amenewo n'kupatsa apongozi? Kwathu kumtsinje timatunga pakati, osati posambira anthu. Ndinati ndipite pakati.

Asodzi onse anali kumtunda, mabwato atawakokera pamchenga, dzuwa likuswa mtengo. Mumtima ndinati anthu a kunyanja ndi aulesi ndithu. Ndinapita kwa mkulu wina amene ankasoka ukonde, ndikumulozera bwato, ndikumulozera botolo. Iye analoza kutali kumene kunkayandama zinthu zofiira, n'kupukusa mutu, n'kulankhula zambiri m'Chiswahili. Ine ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Ndinamusiyira jekete langa kuti adziwe kuti ndibwerera, ndipo iye anangondiyang'ana ngati mmene mumayang'anira mbuzi ikulowa m'tchalitchi.

Kodi munapalasapo bwato? Ine ndinali ndisanakwerepo chibadwire. Ndinkaganiza kuti munthu woyendetsa lole sangalephere kachipika ka mtengo. Kanandizunguza ngati mphero, mutu kuloza kumtunda, mutu kuloza kunyanja, asodzi ataimirira onse kundionerera. Kenaka madzi okha anayamba kunditenga, ine n'kumati ndaphunzira.

Nditafika pa chinthu chofiira chija ndinapeza kuti ndi mgolo, wabwinobwino, wopentedwa kumene. Madzi anali oyera mbee, ndipo ndinadzaza botolo langa n'kutseka. Ndikanabwerera pomwepo nkhani sikanakhalapo. Koma mukukumbukira mmene migolo inkasowera masiku aja. Ndinati uwu wagwa m'sitima, mwini wake kulibe, akulu anuwa azisungiramo madzi. Ndinaukumbatira n'kuyamba kukoka. Sunasunthe, unali womangidwa ndi unyolo pansi. Ndinakokanso mwamphamvu, nkhafi n'kugwera m'madzi, n'kumapita ndikuiona.

Tsopano bwato linayamba kuyenda lokha kulowera mkati, kumene kunali sitima yaikulu yotuwa, ndi ina yafulati pambali pake, asilikali akutsitsiramo mabokosi obiriwira. Atandiona anayamba kukuwa ndi kukupiza nsalu yofiira. Ndinati anthu aulemu awa, ndipo ndinavula chipewa n'kuwakupizira nanenso. Poona kuti thandizo likubwera, ndinakhala pansi kuti mtima ukhazikike. Ndinatulutsa ndudu. Ndinakhwatcha machesi.

Mlamu, sindinaonepo amuna akuluakulu akugona chafufumimba nthawi imodzi chonchija. Wina anadziponya m'madzi ndi nsapato zomwe.

Linabwera bwato la injini, anandithira chidebe cha madzi kumaso ndudu ili pakamwa, n'kundinyamula ngati thumba la chimanga. Ku ofesi kwawo kunali bwana wokwiya kwambiri, ndi msilikali wina wachikulire amene anaphunzira Chinyanja pa nkhondo ya azungu. Iyeyo ndiye anamasulira.

"Achimwene," anatero, "migolo yofiira ija ndiyo malire. Bwato lililonse n'loletsedwa kudutsa pamenepo mpaka titatsiriza kutsitsa zipolopolo ndi mabomba. Simunaone asodzi onse ali kumtunda?"

Ndinati, "Ndinawaona. Koma kwathu msewu akatseka amapingasa mtengo, ngati pachipata cha malire pa Mwami paja."

Iye anati, "Nanga pamadzi mtengowo tiutsamiritse pa chiyani?"

Bwana uja anatsegula botolo langa n'kununkhiza. Palafini. Munthu wachilendo, wopanda jekete, ali ndi machesi ndi botolo lonunkha palafini pafupi ndi mabomba a boma. Inuyo mukanaganiza chiyani? Ndinalumbira kuti ndi madzi chabe. Bwana anati ngati ndi madzi, ndimwe.

Ndinamwa. Mchere wake ngati wa maliro a mudzi wonse. Ndikatsitsa botolo, iye ankakweza chala kuti pitiriza. Ndinamwa mpaka misozi, ndipo nditaona kuti atsala pang'ono pansi penipeni, ndinagwada. Ndinati, "Mundimange kaya mundiombere, koma otsalawa ndi a apongozi anga. Ndikapita chimanjamanja pamudzi paja sindidzakhalanso munthu."

Wachikulire uja anamasulira. Bwana anafunsa kanthu, wachikulireyo n'kundiuza kuti, "Akufunsa ngati mumakhala kwawo kwa mkazi." Ndinati inde. Bwana anapukusa mutu mwachisoni, anatseka botolo ndi dzanja lake, n'kundipatsa. Machesi okha sanabweze. Jekete ndinalisiyira mkulu wa bwato uja, sindikanatha kuyang'anizana naye.

Za m'mimba paulendo wobwerera sindikamba, tangochoka kumene ku Misa. Mnzanga ndiye anayendetsa, ine ndinangodziwana ndi tchire lonse la mumsewumo.

Amayi anadzola timadzi tija, ndipo sabata yotsatira anayenda okha mpaka kutchalitchi. Kaya ndi mchere, kaya ndi palafini, kaya ndi mapemphero anu aja, Mwini wake ndiye akudziwa. Madzulo ake anandiphera tambala, koyamba chikwatirire. Ndili mkati mwa kudya, akulu anuwa anabwera kudzagwada n'kunena kuti, "Amayi akuti zikomo kwambiri. Koma akuti botolo lija linachepa, ulendo uno mubwere ndi mgolo wathunthu."

Nditabwerera kuntchito ndinakapempha kuti azindituma ku Ndola basi, kumene kulibe nyanja. Madzi amene ndimawoloka tsopano, mlamu, ndi okhawo amene ndikuona miyala yake pansi, ndipo chinthu chofiira chikamayandama, ngakhale m'beseni, ndimayamba ndafunsa mwini wake.