Chibokosi cha nyanga zinayi

LOLEMBA

A Nachuma andibera makasitomala ndi mphepo. Osati ndi tiyi ayi. Tiyi wawo ndi madzi otentha amene masamba anangodutsamo ali pa ulendo wina. Koma lero kwawo kwadzaza. Kwanga kuli ine ndi ntchentche ziwiri.

Zaka zonsezi tiyirumu ya pa Boma pano inali yanga. Manesi, mamesenjala a ku khonsolo, odikirira odwala. Tsopano onse ali tsidya la msewu, mitu pansi ngati pamaliro, zala pa foni. Pakhoma a Nachuma amata pepala: WAIFAI ILIPO. Ndawerenga ndekha. Sukulu sindinapondeko, zilembo ndinazitola pa matumba a ku esiteti ndi m'buku la nyimbo, ndiye palibe mphunzitsi angabwere kudzati ndi zake.

Che Makawa, mkulu wa alangizi a zaumoyo, ayima pakhomo osalowa. Akuti Loweruka lililonse gulu lawo limatumiza malipoti pa foni, ndiye amakhala kumene kuli waifai. "Mukanakhala nayo, madala, tikanabwerera. Kwanu mkaka umaoneka mu kapu." Ndawauza abwere Loweruka lino. Ndanena mokweza kuti tsidya limve.

Mwana wanga Esinati akuti ndifunse amuna ake, a Gilibati, poti amakonza mafoni ku Limbe. Ine kufunsa mkamwini? Munthu amene anafika pamudzi ndi chikwama chimodzi tikumuona? Amake Esinati akuti nanenso ndinafika pamudzi pawo ndi chikwama chimodzi. Changa chinali chachikulu.

LACHIWIRI

Minibasi ya ku Limbe. Anayi pampando wa atatu, thumba la nandolo la munthu wina pa maondo anga.

Sitolo ya zamagetsi. Mayi wogulitsa ali ndi mafunso ngati ku khoti: malo ndi aakulu bwanji, anthu angati, makoma ndi a njerwa, nanga intaneti muli nayo kale? Ndabwera kudzagula ine, osati kudzalapa.

Akundionetsa kanthu koyera konga sopo wosambira, akuti umangoikamo simu basi. Kalibe nyanga ngakhale imodzi. M'dzanja kakupepuka ngati anaiwala kuikamo zamkati. A Nachuma ali ndi kotereka. Ndakabweza.

Kasankhidwe kanga, kamene sikanandinamizepo pa mbuzi, pa wailesi ngakhale pa njinga:
chilemere;
chikhale ndi nyanga;
chikhale chakuda, chisaonetse litsiro.

Chilipo, pa shelefu ya pamwamba. Nyanga zinayi! Mayi uja akuti ichi pachokha sichigwira, chimafuna chinzake choti chizichipatsa intaneti kudzera pa waya. Eetu. Kwa wogulitsa, katundu aliyense amakhala ndi mnzake. Ndagula chimodzi.

Pobwerera ndadzera tsidya lina la msewu umene a Gilibati amakhalapo ndi benchi yawo, bokosi m'jekete. Jekete silikutseka.

LACHITATU

Ndachilumikiza ku magetsi. Timaso tobiriwira tikuphethira. Ndachiika pa tebulo la pawindo kuti ena achione bwino.

Mesenjala wa ku khonsolo walowa kudzayesa. Akuti dzina likuoneka pa foni, timizere tonse tadzaza, koma palibe chikubwera. Wamwa tiyi theka, wawoloka msewu.

Vuto ndikulidziwa. Wailesi yanga ikayamba kukanda ndimakweza waya mumtengo. Phiri lili pomwepa likutchinga. Ichi chikufuna pamwamba.

Amene apereka nzeru lero osafunsidwa: wogulitsa makala (chikufuna dzuwa), wa kabaza (uchizimitse ndi kuyatsa katatu), amake Esinati (chikufuna mkamwini). Wa makala yekha ndi amene ndamupatsa tiyi.

Masana magetsi azima. Chibokosi chatseka maso. Kasopo ka a Nachuma akuti kali ndi batire. Mitu kumeneko ikadali pansi.

LACHINAYI

Nsungwi yaitali, mphira wa chubu, waya woonjezera. Chibokosi chili pamwamba pa denga ngati mbendera ya chipani. Khwangwala watera pa nyanga imodzi, yapindika. Zoongoka zatsala zitatu. Zikadali zambiri kuposa za tsidya.

Chiperoni chayamba kuwaza. Ndatsitsa, ndavundikira ndi poto, ndakwezanso. Tsopano akuti ngakhale dzina lasowa pa mafoni. Poto wabwinobwino, wotsuka.

A Nachuma atumiza moni kudzera mwa wa makala yemwe uja ndinamumwetsa tiyi. Akufunsa ngati siteshoni yangayi izidzaulutsanso mauthenga a maliro.

Esinati wafika ndi uthenga. Amuna ake akuti apongozi aone kumbuyo kwa bokosi ngati kuli polowetsa simu, ngati kulibe ndiye pali nkhani. Ndamuuza akawathokoze a Gilibati, akawauze kuti zonse zili m'manja.

Atangochoka ndatsitsa nsungwi. Kumbuyo kuli mabowo asanu. Asanu! Ndiye wina azikayikira ngati pali polowetsa. Ndachotsa simu mu foni yanga, ndaikankhira m'bowo loyamba ndi kamtengo ka machesi. Yalowa bwinobwino.

Sikutuluka.

LACHISANU

Foni ilibe simu. Bokosi lili ndi simu. Zonse ziwiri zili duu.

Zimene ndayesa potulutsa: singano, pini wa amake Esinati, munga wa mandimu, pemphero lalifupi. Pini ndiye wathyokera momwemo.

Che Makawa abwera ndi miyendo poti foni yanga sikupezeka. Akufunsa ngati za mawa zilipo. Ndaloza nyanga, zimene zabwerera pawindo. Aziyang'ana nthawi yaitali, kenako akuti chabwino.

Ndabwereka mabenchi awiri ku tchalitchi. Mkaka ndauza aubweretse m'mamawa kuchokera ku Likoswe, wosathira madzi. Amake Esinati akukanda masikono. Pakhoma ndalemba ndi khala kuti WAIFAI ILIPO, zilembo zazikulu kuposa za tsidya, anthu azitha kuwerenga ali mu minibasi.

Esinati wabweranso. A Gilibati akuti chimene ndagulachi ndi mpope wopanda paipi: chimagawa, sichitunga. Mawu omwe aja a mayi wa mu sitolo. Kaya amadziwana, Limbe ndi yaing'ono. A Gilibatiwo akuti atha kubwera madzulo ano ndi chosowekacho, anthu osaona. Ndayankha kuti mkamwini amaitanidwa kukafolera nkhokwe, osati kudzaphunzitsa apongozi ake bizinesi.

Esinati wangoti, "Ababa, mawa anthu aja akubweradi." Ngati ine sindinawaitane ndekha.

LOWERUKA

Abwera. Mabenchi onse adzaza, zikwama pansi, mafoni m'manja. Utsi, phokoso, masupuni kulira m'makapu ngati kale. Amake Esinati mpaka amwetulira.

Kapu yoyamba: akuyamikira tiyi. Kapu yachiwiri: akuyang'ana mafoni, akuyang'ana chibokosi, akuyang'ana ine. Ine ndikupukuta tebulo lopukuta kale.

Kenako mayi wina watuluka pakhonde ndi kapu yake, wakweza foni, wati kuno zikutheka. Onse pakhonde, ndi mabenchi omwe. Malipoti akupita! Ndaimirira pakhomo manja kumbuyo. Ndauza wa kabaza kuti zinthu zolemera zimachedwa kudzuka, koma zikadzuka.

Wa kabaza akuti ayi madala, imeneyo ndi waifai ya a Nachuma, ikuwoloka msewu, anthuwa nambala yake yolowera anaisunga kale.

Ndiye bwanji? Mphepo ya a Nachuma, tiyi wanga, khonde langa. Ndaona kuti nkhani yatha bwino. Ndatulutsa masikono ena.

Tsidya, a Nachuma aima pakhomo lawo lopanda munthu, manja m'chiuno. Ayang'ana khonde langa. Alowa m'nyumba. Atuluka ndi kasopo kaja m'dzanja, akakweza kuti tonse tikaone, akadina ndi chala chimodzi, akaika m'thumba la epuloni.

Pakhonde malipoti aima.

Che Makawa ndi amene ayamba kuimirira. "Madala, tiyi wanu palibe wofanana naye. Koma malipoti sadikira." Awoloka. Ena onse pambuyo, aliyense ndi kapu yanga m'dzanja, mosamala kuti tiyi asatayike.

Ndabweza mabenchi ku tchalitchi ndekha, imodzi imodzi.

LAMULUNGU

Makapu abwera m'mawa mu beseni, otsukatsuka, ovundikira ndi kansalu koyera. A Nachuma akuti zikomo, akuti Loweruka likubwerali ndikonzenso tiyi yemweyo, anthu awo anamukonda.

Ku tchalitchi ndakhala pa benchi imodzi mwa ziwiri zija. Ikununkha mkaka.

Chibokosi amake Esinati achiyala kansalu koluka, aikapo maluwa a pulasitiki. Akuti pamenepo ndiye chapeza ntchito. Simu yanga ili mkati. Mwina m'bale wanga wa ku Kadewere akundifuna, mwina kwagwa zovuta, ine ndingadziwe bwanji.

Masana kumudzi. A Gilibati akhala patali pansi pa mpeyala, andipatsa moni ataomba m'manja mwaulemu wonse, osatchula kanthu. M'thumba la malaya awo mukuoneka kasikuludiraiva ndi kopanira kakang'ono. Tsiku la Mulungu! Akudikira kuti ndiwafunse. Ndawafunsa za mvula.

Kufunsa sindifunsa. Koma buku limene ndikulembamo izili ndilisiya lotsegula pa mpando wa pakhonde, pamene Esinati amakhala akamasankha nyemba. Ngati munthu awerenga za eni ake, umenewo ndi mlandu wake.

A Gilibati, mawa m'mamawa, wa makala asanafike, mukhale muli ku tiyirumu. Mutulutse simu yanga, mubweretse chinzake chimene mukuchinenacho, mulumikize. Mulowere khomo la kumbuyo. Nyanga musachotse ngakhale imodzi, ndipo wina akafunsa, munabwera kudzamwa tiyi.