Makina Anga ndi Fodya wa aMbewe

Lolemba

Mvula ikugwa tsiku lachisanu ndi chinayi. Nkhungu yatsika m'phiri m'mamawa ndipo sikubwerera. Ndatsegula chipinda chakumapeto, momwe ndimasunga mabuku a malemu bambo anga, fungo landibweza pakhomo.

Zomwe zachita chuku:
mabuku onse a pashelefu yapansi
Baibulo la bambo, lomwe analembamo mayina athu kuchikuto
nsapato zanga zakutchalitchi (zamera ubweya)
khoma lakumtunda, mpaka m'chiuno

Bambo anaphunzitsa moyo wawo wonse kuno ku Mvera. Sanasiye ng'ombe, anasiya mabukuwa. Ndakhala pampando ndikulira pang'ono. Amuna anga aMbewe andipeza, ayang'ana khoma, akuti, "Dzuwa likatuluka tiyanika." Dzuwa lake liti?

Mng'ono wanga wa ku Lilongwe wandiuza pafoni kuti kumeneko kuli makina oyamwa chinyontho mumpweya. Sukulu tatsekera, ana sindikuphunzitsa sabata ino. Mawa ndikupita.

Lachiwiri

Lilongwe. Musitolo makinawo alimo amitundu itatu. Wogulitsa akufunsa kukula kwa chipinda. Ndikumuuza: mapazi anga khumi ndi asanu ndi atatu m'litali, khumi ndi anayi m'lifupi. Akuyang'ana mapazi anga nthawi yaitali.

Kali kakang'ono ngati fulasiki ya tiyi, akuti kamenekako n'kamukabati basi. Lina n'lalikulu ngati filiji, ndikuwerenga pamphumi pake kuti m'minibasi silingalowe. Ndasankha apakati, ofika m'mawondo, okhala ndi katanki kotulutsa ngati dilowa ya tebulo. Tanki ikadzaza amazima okha.

Malamulo a wogulitsa, ndalemba pachikhatho:
mawindo ndi chitseko zikhale zotseka
asagunde khoma
madzi kutaya
sefa kutsuka
panjira asagonekedwe

Ndawakulunga m'chitenje, ndawafukata pamiyendo njira yonse. Kondakitala akufuna kuwaika kumbuyo ndi matumba a kabichi, ndakana. Mayi wina pambali panga akusuzumira n'kunena, "Bwanji simukumuyamwitsa, ulendo wonsewu?"

Lachitatu

Ndayatsa. Akulira ngati njuchi ili m'botolo. Ndatseka chitseko, ndaima panja ngati pachipatala.

Masana ndatulutsa tanki. Madzi! Oyera bwino. AMbewe agwada, akufufuza paipi kumbuyo kwake.

"Ndiye madziwa akuwatenga kuti?"
"Mumpweya."
"Womwe tikupumawu?" Akukoka mpweya wambiri n'kuutulutsa. "Ndiye tili ndi mwayi sitinamire."

Apita kukauza anzawo apabawo. Pofika madzulo alowa anthu asanu ndi awiri, aliyense payekha, aliyense akusiya chitseko pululu. Mkulu wina wampingo walawa madzi aja ndi chala, akuti alibe mchere. Ndamata pepala pachitseko: TSEKANI.

Chakumadzulo mphepo yang'amba pulasitiki pachigafa, momwe fodya wa aMbewe akuumira. Mvula ikulowa. Fodya wofika posankha tamulowetsa m'nyumba, ndipo chipinda chokhala ndi malo n'chomwecho chakumapeto. Ndanena monyadira kuti makina anga asamalanso fodya wawo. AMbewe angoti, "Chabwino amayi."

Lachinayi

Magetsi azima m'mawa, abwera cha m'ma leveni. Ndakhala pafupi ndi swichi ngati ndikudikira mlendo.

Fungo lachepa. Ndatsegula buku la masamu la bambo, masamba sakumamatirananso. Ndikuimba ndikukolopa, ndadzimva ndekha.

AMbewe alowa kukasankha fodya. Atuluka posachedwa, thalauzi lonse fumbi lofiirira. Pachakudya sakuyankhula. Ndikufunsa ngati mutu ukuwawa, akuti ayi. Kenako ndikuwaona akutsuka keni yothirira ndiwo kudimba. Mvula yonseyi, keni? Ndawasiya. Munthu akamakula amayamba zake.

Lachisanu

Tanki yadzaza kanayi! Madzi ndikuthira mundowa yapakhonde kuti ndione kuchuluka kwake, koma ndowayo sikudzaza. Mwina nkhuku. Ayi, nkhuku sizingamwe chotere. Mwina yabooka.

Ndamuimbira mng'ono wanga kumuuza kuti makinawa ndi ngwazi. Akuti kanayi pachipinda chimodzi n'zachilendo, ndikafunse wogulitsa. Nsanje.

Komabe pali zomwe sindikumvetsa:
simenti yapansi ili chinyowere
pali masaka onyowa pakona, sindinawaike ine
buku la masamu lija layambanso kumamatirana
aMbewe akumandifunsa nthawi yomwe ndikupita kumsika, funso lomwe sanafunsepo chikwatirane

Ndaganiza kuti khoma likutulutsa madzi ake onse lisanaume, ngati thukuta la malungo. Ndakweza makina pa nambala yomaliza.

Loweruka

Ndanyamuka kupita kumsika, ndaiwala ambulera, ndabwerera. Chitseko cha TSEKANI chili chotseka bwino lomwe. Ndatsegula. AMbewe ali pakati pa chipinda, keni m'manja, akuthirira simenti mofatsa ngati nazale ya tomato. Pambali pawo ndowa yanga yapakhonde.

Tayang'anana. Makina akulirabe.

Ndiye kuti kuyambira Lachinayi makina akuyamwa madzi, ine ndikutaya mundowa, aMbewe akubwezera pansi, makina akuyamwanso. Madzi omwewo. Kanayi konse komwe ndinanyadira kwa mng'ono wanga.

Atenga tsamba limodzi la fodya, alifinya, lafumbutuka ngati chigumu chouma. "Fodya amafuna chinyontho, amayi. Akafewa m'pamene timasankha n'kumanga. Akauma chonchi, ndikamukhudza akutha. Chaka chonse chili umu."

Zimenezi ndimazidziwa. Ndakhala ndi mlimi wa fodya zaka makumi awiri ndi zisanu, ndimawaona akudzuka m'mamawa kuthamangira mame. Mutu wanga unali pa mabuku okha.

Ndawafunsa chifukwa chomwe sanandiuzire. Akuyang'ana keni. "Chimwalirireni bambo sindinakumveni mukuimba pokolopa. Ndimati mumalize kaye nyimboyo."

Ndimafuna kukalipa, mawu ndinali nawo okonzeka, koma mawuwo andithawa. Ndazimitsa makina. Taseka mpaka ine kukhala pa saka lonyowa.

Masana tazungulira kuseri kwa nyumba kukaona khoma lija. Ngalande yomwe imapatutsa madzi ochokera kumtunda yatsekeka ndi dothi ndi mapesi, madzi angoima m'munsi mwa khoma ngati dziwe, muli ndi achule awiri. AMbewe atenga khasu, ine fosholo. Tagwira mpaka kunyowa tonse. Madzi apita. Achule apita monyinyirika.

Fodya wofumbutuka wakwana theka la saka. Akuti amupatsa mkulu wampingo uja, amanunkhiza mwakabisira.

Lamulungu

Tagawana nyumba. Chipinda chakumapeto n'cha fodya mpaka adinde mabelo, mawindo otsekula usiku, chinyontho chilowe momwe chingafunire. Mabuku ndi makina zasamukira kuchipinda chathu chogona. Malo atha, polowa pabedi tikudutsa chammbali.

Ndayatsa makina m'malo awo atsopano. Alira mphindi zitatu, magetsi azima. Mpaka pano.

Kutchalitchi amayi okhala nane benchi limodzi akununkhiza mpweya n'kumandiyang'ana. Diresi langa linagona masiku atatu ndi fodya. Palibe yemwe wafunsa, ndiye kuti afunsana okha.

Pobwera tapeza dzuwa, loyamba m'masabata awiri. Ndikusintha zovala, potuluka ndapeza aMbewe ayala mphasa pabwalo, akhala pansi miyendo tambalale, mabuku a bambo ali mbali zonse. Akutenga limodzi, akulitembenuza, akulinunkhiza, akuliunika padzuwa, n'kuliika pamulu wake. Milu itatu, monga amachitira posankha fodya. Ndawakumbutsa kuti lero n'Lamulungu.

"Iyi si ntchito," akutero, osadzutsa mutu. "Ndikucheza ndi apongozi."

Mulu wachitatu, wa mabuku oti sangapulumuke, uli ndi mabuku asanu ndi limodzi. Ndawawerenga kawiri. Ndakhala pamphasa pomwepo, ndikupatsira aMbewe buku lina.