Ba Lastone ndi Nyanja Zopanda Poponda

Mu Kafue monse munalibe munthu wodziwa za nyanja kuposa Ba Lastone, ndipo munalibenso munthu woopa madzi kuposa iwo omwewo. Basi ya ku Mazabuka ikafika pa mlatho, ankatseka maso n'kugwira bondo la aliyense amene wakhala nawo pafupi, ngakhale akhale mkazi wa mwini. Nyanja zimene ankazidziwazo sizinali za pansi pano ayi. Zinali za kumwamba, kuseri kwa nyenyezi.

Kale ankagwira ntchito ya mapampu kufakitale. Mafakitale atayamba kuchotsa anthu, anzawo ena anagula mabelo a salaula, zovala zakale zochokera kunja zija, ena anathera m'mowa. Iwo anagula matiivi awiri otopa ndi makina a magemu, n'kutsegula kashopu pafupi ndi msika. Ine ndimameta anthu kuseri kwa khoma lawo la malata, ndipo magetsi anga ankachokera pa pulagi yawo. Ichi muchikumbukire, chifukwa ndi chimene chinandidetsa mtima zaka zambiri.

Matenda a nyenyezi anawatenga kwa Ba Mainess, akazi awo, amene ankagulitsa nsomba zouma n'kumakulunga m'mapepala a magazini akale. Tsiku lina Ba Lastone anawerenga pepala la ndiwo zawo. Linkati akatswiri ayamba kupeza maiko ozungulira nyenyezi zina, ndipo akuganiza kuti ena mwa maikowo ndi madzi okhaokha. Kuyambira pamenepo nsomba iliyonse yolowa m'nyumba inkavulidwa kaye zovala. Nzeru zawo zonse zinkanunkha nsomba, koma zinali nzeru.

Tsoka lake, gemu imene ana ankaikonda inali ya dziko la madzi. Kamunthu kovala chipewa kankayenda pa bwato, kudumpha pachisumbu ichi ndi icho, kenaka n'kumira mpaka pansi kukatola bokosi la golide. Kakangofika pansi, Ba Lastone ankadzuka pa mpando wawo n'kuzula pulagi.

“Boza,” ankatero. “Ku ziko ya manzi ya zoona kulibe ka chisumbu. Ungamire kuchoka pano kufika ku Lusaka na kupitilila, sunafike pansi.”

Kenaka ankalongosola monga munthu wa mapampu, kuti madzi akachuluka pamwamba amapanikiza a pansi mpaka kuuma gwa, n'kukhala ayisi wotentha. Kamunthu ka chipewako kakanaphwanyika ngati chitini choponderezedwa ndi lole. Ana ankadandaula, komabe ankamvetsera kukamwa kuli yasa. Kuseri kwa khoma, makina anga ometera ankaima pakati pa mutu wa munthu. Aphunzitsi ena anatuluka kwanga mbali imodzi yometa, ina ili thengo, chifukwa cha dziko limene palibe analionapo. Ndinkamenya malata n'kuwatukwana, iwo n'kuyankha kuti ndidekhe, atsala pang'ono kufika pa ayisi.

Anawatsitsa ndi Towela, mtsikana wa sekondale amene ankagonjetsa anyamata onse pa gemuyo. Tsiku lina anamuzulira pulagi atatsala pang'ono kumaliza. Sanakalipe. Anangofunsa mwaulemu, ulemu wopweteka uja.

“Ba Lastone, imwe munaonapo manzi yamene yalibe kumtunda? Olo chabe kukwela bwato?”

Shopu yonse inadziwa yankho. Kuyambira tsikulo, akazula pulagi ana ankangotuluka panja kukadikira, kuwasiya akulankhula ndi mabenchi. Posakhalitsa analeka kuzula. Ine ndinameta mitu yathunthu mwezi wonse, ndipo ndinayenera kusangalala, koma ndikasuzumira ndinkawapeza atakhala manja ali m'masaya. Ndinawamvera chisoni. Fakitale inawalanda mapampu, ndipo chimene chinawatsalira chinali makutu a ana aja.

M'mwezi wa Malichi, madzi atasefukira m'madambo, anauza Ba Mainess kuti akupita ku Chanyanya kwa mlamu wawo Chimuka, msodzi, mlongo wa Ba Mainess yemweyo, kuti awatengere pamene mtunda suoneka. Ba Mainess anaseka mpaka kukhala pansi. Zaka zonse za ukwati wawo, mwamunayo akapita kwa apongozi ankaima patali ndi gombe ngati wapolisi. Ine ananditenga kuti ndikhale mboni.

Anafika pagombe atavala chubu cha lole m'chiuno, ovolosi yakale ya kufakitale, ndi zigubu ziwiri zopanda kanthu zomangirira m'khwapa. Amayi ogula nsomba anasiya malonda awo.

“Ba mulamu, bwanji, muyenda ku nkhondo?” anafunsa Chimuka.

“Iwe yendetsa chabe. Nikafa, uuze mulongo wako Amake Daliso ati ma tiivi asagulitse.”

Tinalowa m'bwato. Chimuka anaima kumbuyo n'kumapalasa, Ba Lastone ali pakati, maso ali chitsekere, akuimba nyimbo ya pamaliro chapansipansi. Tinadutsa mabango, tinadutsa timisasa ta asodzi, mpaka Chimuka anati atsegule maso. Anatsegula limodzi, kenaka linalo.

Kunali madzi kutsogolo, madzi kumbuyo, mitambo ili m'mwamba ndi ina ili pansi. Ba Lastone anayang'ana uku ndi uku. Misozi inatsika. Anati ndi mmene kulili kumeneko, ndendende, ndipo m'chisangalalo chawo anaimirira kuti atiloze bwino.

Munthu wa zigubu m'khwapa saimirira m'bwato. Tinangomva khuvu. Anakuwa dzina la akazi awo, anatsanzika ana awo, anapepesa aphunzitsi a mutu wa mbali imodzi aja, miyendo ikupalasa, chubu chikuwazunguza. Chimuka anatsamira nkhafi yake n'kudikira kuti atope.

“Ba mulamu, imililani.”

Anaimirira. Madzi anawalekeza m'ntchafu. Pamalo pamenepo, Chimuka anatero, m'chilimwe ng'ombe zimadyapo msipu, ndipo n'chifukwa chake anatibweretsa kumeneko, popeza akanamiza mlamu wake, mlongo wake akanamupha. Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma Ba Lastone sanakwiye. Anaima pomwepo, akuponda matope ndi phazi ili, kenaka ilo, ngati munthu woyesa nsapato zatsopano, ndipo anakana kukwera msanga.

Nkhani inafika ku msika ife tisanafike. Mawa lake shopu inadzaza mpaka pakhomo, onse obwera kudzaseka, Towela ali patsogolo. Ba Lastone anawalola aseke, anawaonetsanso mmene chubu chinkawazungulitsira. Kenaka anazula pulagi, ndipo palibe anatuluka.

“Manje mvelani,” anatero. “Ine namila, napeza poponda. Kuja kumwamba ukagwa, ugwa chabe, kulibe pokugwila. Pamene bananichosa nchito ninaona monga nili kwamene kuja. So musazinyoza matope ya kuno.”

Makina anga anaima pa mutu wa wapolisi tsiku limenelo, koma sindinamenye malata.

Anazulabe pulagi zaka zina zingapo, ndipo gemu ija sanaikhululukire mpaka kumwalira. Anapita m'nyengo yozizira, atadwala pang'ono chabe. Pamaliro panali anyamata ambiri a ndevu amene ndinawadziwa ali ndi mamina, ndipo Towela anabwera kuchokera ku Lusaka.

Shopu anaipitiriza Ba Mainess. Magetsi sankazimanso, kamunthu ka chipewa kankamira n'kutola golide wake popanda wokatsutsa, ndipo mseu wathu unasanduka mseu wamba wa malonda. Ba Lastone ndimawasowa kwambiri, ine amene ndinawatukwana kuposa aliyense.

Masana ena ndikumeta, makina anaima mwadzidzidzi. Dzanja langa linamenya malata lokha, pakamwa panga n'kutuluka dzina lawo. Nditazindikira, ndinapita kukasuzumira. Ba Mainess anali ataima pakhoma, pulagi ili m'manja, ana onse atatembenuka kuwayang'ana, akudikira. Anatsegula pakamwa, koma za ayisi wotentha sankazidziwa.

“Ninafuna chabe kumva mwamene kunali kumvekela,” anatero, n'kubwezera pulagi.