Tsiku Limene Bwalo Linapita kwa a Sanny Kilgour

Mukafika kwathu ku Drumskellie n'kufunsa kuti wochemerera mpira wamkulu kuposa onse anali ndani, ngakhale ana akuuzani kuti anali malemu a Sanny Kilgour. Mkuluyu anatha zaka zoposa makumi anayi osaphonya masewero a pakhomo a timu yathu, komanso osalowako m'bwalo ngakhale kamodzi. Ayi, sindinalakwitse. Mpira ankaonera ali padenga la khola la nkhunda zawo, kumapeto kwa kadimba ka kuseri kwa nyumba yawo, pamene pankayang'anizana ndi golo ya kumunsi.

Nkhani yake ankaidziwa bwino ndi akazi awo, a Netta, poti ankati anakwatiwa ndi anthu awiri: mwamuna ndi mkwiyo wake. A Sanny ali mnyamata, migodi ya malasha isanatsekedwe, anali goloboyi wa timuyi. Anagudubuzika m'matope chaka chonse mpaka timu inafika mu ndime yomaliza ya chikho cha m'chigawo. Kutatsala tsiku limodzi kuti mpirawo useweredwe, komiti inawakhazika pabenchi n'kuika pagolo muphwa wa wapampando, munthu woti mutamuponyera buledi amagwetsa. Anatikwapula tsiku limenelo, zigoli zake sititchula pagulu mpaka lero. A Sanny anaima pachipata, nsapato za mpira zili m'khosi, n'kulumbira mudzi wonse ukumva.

"Phazi langa silidzadutsanso pachipata ichi mpaka mutandipepesa!"

Komiti ija inakalamba, inamwalira yonse mmodzimmodzi, osapepesa. Lumbiro lokha ndi limene linatsala ndi mphamvu zake.

Choncho Loweruka lililonse, kaya mvula kaya chipale, a Sanny ankakwera makwerero atanyamula kampando, tiyi m'botolo, ndi nsalu ya timu m'khosi. Mawu awo anali a munthu wozolowera kukuwa pansi pa nthaka. Akati "Menya!" nkhunda zonse zimabalalika, ndipo ng'ombe za tsidya la msewu zimasiya kudya. Goloboyi wa alendo ankayamba ndi kumufunsa za amayi ake mwaulemu, kenako za mimba yake, kenako za miyendo yake, moti pofika chigawo chachiwiri mwana wa eni ake amakhala akungoyang'ana kumbuyo.

Tsiku lina kunabwera woyimbira wachilendo, wosadziwa za kuno.

"Iwe woyimbira!" anakuwa a Sanny. "Magalasi wasiya m'basi? Mpira wamenya dzanja, nkhunda zanga zomwe zaona!"

Bamboyo analiza wezulo, anayenda chonyang'wa mpaka kuseri kwa golo, n'kukweza khadi lofiira m'mwamba.

"Akulu, tulukani m'bwalo muno!"

"Nditulukire kuti, mwana wanga? Ndili pakhomo panga. Ukafuna wokuthandiza kundithamangitsa, kagogode kukhitchini uko. A Netta anayamba kale kuyesa, zikuwakanika."

A Netta, amene ankayanika zovala chapomwepo, sanatembenuke n'komwe. "Mukatha kuwatulutsa, bambo, mundiuze njira yake."

Anthu anaseka mpaka ena kutaya msuzi wotentha umene ankamwera m'makapu, ndipo woyimbira anabweza khadi lake m'thumba mwakachetechete.

Nanga mpira ukagwera m'dimba mwawo? Tikamagonja, umabwerera usanadunde kawiri. Tikamawina, nthawi n'kutsala pang'ono, a Sanny amatsika makwerero ngati munthu wa nyamakazi mawondo onse, n'kuyamba kuufunafuna m'kabichi, pamene mpirawo aukhalira ndi galu wawo.

"Mpira, madala! Nthawi ikutha!" amakuwa alendo.

"Ndikufuna, aise, ndikufuna. Unali wa mtundu wanji?"

Ndiye kunabwera kusintha kuja. Kuyambira nthawi ya makolo athu, matimu a m'midzi ya migodi ankasewera okhaokha. Uwine bwanji, chaka chamawa ukumananso ndi anthu omwewo, makamaka a ku Pitcowan, amene timadana nawo pa chifukwa chimene palibe akuchikumbuka. Tsopano akuluakulu a mpira anati ligi zing'onozing'ono zonse zilumikizane ngati makwerero, kuti timu ya kumudzi ikalimbikira izikwera, mwina mpaka kukafika ku ligi ya dziko lonse. Mudzi unapenga ndi chimwemwe. A Sanny okha ndi amene anakwinya nkhope.

"Tizikwera basi tsiku lonse kukasewera ndi anthu oti sitinayambanepo nawo? Mpira wopanda chidani n'kuthamanga chabe!"

Ananena choncho, koma chaka chimenecho anakuwa kuposa zaka zonse, ndipo timu inathera pamwamba. A Sanny anauza aliyense kuti theka la zigolizo anagoletsa ndi iwo.

Koma walira mvula walira matope. Kuti tikwere pankafunika chiphaso, ndipo kuti chiphaso chituluke bwalo linkayenera kukhala ndi magetsi, zimbudzi zooneka, pobisalira mvula, komanso mpanda wautali woti munthu wakunja asaone kanthu. Wapampando wathu watsopano, Moira Haddow, mayi wophika zitumbuwa za nyama zogulitsa pabwalopo, anagwira njakata. Munthu wakunja woonera mpira m'mudzi monse anali mmodzi yekha, ndipo tonse tinkamudziwa.

Moira anayamba ndi njira yaulemu. Anapita ndi zitumbuwa zotentha, anakhala m'khitchini mwa a Netta, n'kunena kuti m'dzina la komiti akupepesa pa zimene zinachitika kalelo.

"Iwe Moira, unali utabadwa?" anafunsa a Sanny, chitumbuwa chili kale m'kamwa.

"Ayi, amalume."

"Ndiye ukupepesa chiyani? Ondilakwira ali kumanda uko. Akadzuke, abwere."

"Inu bambo a Kirsty," anatero a Netta, "mwanayu wabwera ndi mtima wabwino."

"Ndi zitumbuwa zabwinonso. Koma pachipata paja sindidutsa."

Anatemetsa nkhwangwa pamwala. Mpanda unamangidwa, wamalata obiriwira, wautali moti khola lonse linabisika. A Sanny anaika bokosi padenga, pamwamba pa bokosi mpando, pamwamba pa mpando iwo, mutu uli tong'o pamwamba pa malata, mphepo ikuwagwedeza ngati bendera. A Netta anatuluka ndi chitsulo chosonkhezera moto m'manja.

"Tsikani! Mukathyoka khosi pamenepo, ine sindivala zakuda, ndikuuziranitu!"

Sanatsike chifukwa cha chitsulocho. Anatsika Moira atawauza, misozi ili m'maso, kuti woyendera mabwalo akadzaona mutu umenewo pamwamba pa mpanda, chiphaso palibe, ndipo anyamata adzakhala kuti anavutika pachabe. A Sanny anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatsitsa mpando, anatsitsa bokosi, n'kukalowa m'nyumba.

Loweruka lotsatira kunali masewero ongopimana mphamvu. A Sanny anakhala m'khitchini, nsalu ya timu ili m'khosi, akuyang'ana khoma. Phokoso likamveka kuseri kwa malata amadzuka theka n'kukhalanso. Tiyi anazizira m'kapu. Loweruka linalo anayamba kuthandiza a Netta kusenda mbatata, ndipo apa m'pamene mayiwo anachita mantha enieni. Anakhala nawo moyo wonse bambowa, anawaona akudwala chifuwa cha mumgodi, anawaona ntchito itatha, koma anali asanawaonepo ali chete Loweruka masana. Anaona kuti munthuyu akutha iwo akuona, ndipo mtima unawawawa kwambiri.

Lamulungu atatuluka kutchalitchi, a Netta anapita kumene komiti inkakumana, chikwama chili m'khwapa, osagogoda.

"Moira, mwana wanga, vuto lenileni n'chiyani?"

"Wakunja asaone mpira, azakhali. Basi."

"Ndiye muwalowetse."

"Si akukana kulowa?"

"Ndani wanena kuti alowe? Zulani malata anuwo pakati paja, muwazungulitse kuseri kwa khola mpaka adzagunde khoma la nyumba yanga, uku ndi uku. Dimba ndi langa. Kabichi wake mukumuona, ngakhale mbozi zimamukana."

Mkulu wina anayamba kunena kuti sizinachitikepo kuti bwalo la mpira likhale ndi khitchini.

"Ndipo sizinachitikepo kuti mwamuna wanga asende mbatata," anatero a Netta. "Amasenda mpaka kutsala kambewu. Ndichotsereni munthuyu m'nyumba, chonde."

Ntchitoyo inagwiridwa m'mawa wina a Sanny atapita ndi madengu a nkhunda ku mpikisano woulutsa nkhunda. Kunabwera osewera, aphunzitsi, abusa ndi nyundo yawo, ngakhale anthu awiri a ku Pitcowan amene ankati angodutsa. Pofika masana zonse zinali zitatha, ndipo mudzi wonse unabisala kuseri kwa pobisalira mvula, khutu lili tcheru.

A Sanny anabwera, analowa khomo la kumsewu, anadutsa m'khitchini, natsegula chitseko cha kuseri kuti akaone khola. Anaima chilili. Kutsogolo kwawo kunali kabichi, kenako khola, kenako golo, kenako udzu wonse wobiriwira mpaka golo inayo.

"Netta."

"Wawa, bambo."

"Ine ndasuntha?"

"Simunasunthe."

"Pachipata paja ndadutsa?"

"Mwadutsa m'khitchini mwanga, nsapato osapukuta."

A Sanny anayang'ana kumanja, malata. Anayang'ana kumanzere, malata. Anavula chipewa, anakanda mutu, anachivalanso.

"Ndiye kuti bwalo labwera lokha."

"Labwera lokha, bambo a Kirsty. Latopa kudikira."

"Lachedwa," anatero a Sanny. "Koma liuzeni kuti ndalikhululukira."

Anthu anavumbuluka kumene anabisala akukuwa ngati tagoletsa, ndipo a Sanny anawakalipira onse kuti akuopseza nkhunda. Maso ofiirawo anati ndi mphepo.

Woyendera mabwalo atabwera anazungulira ponse, anayamikira zimbudzi, kenako anaima kuseri kwa golo ya kumunsi. Pa chingwe panali makabudula aatali a ubweya a a Sanny akuuluzika.

"Mayi, nanga ichi?" anafunsa akuloza khola.

"Malo a alendo olemekezeka," anayankha Moira osaphethira.

"Mumakhala angati?"

"Mmodzi. Enawo ndi nkhunda."

Bamboyo anali munthu wa kumudzi nayenso, zinkaonekera. Anatsokomola, nati makwerero aikidwe chogwirira, ndipo zovala zizichotsedwa pachingwe mpira usanayambe. Chiphaso chinatuluka.

Koma chinthu chimodzi tonse tinachiiwala, ndi a Netta omwe. Pa masewero oyamba a ligi yatsopano, bwalo litadzaza, a Sanny anakwera padenga atavala taye. Mpira usanatenthe n'komwe anali atauza kale woyimbira kuti agogo ake omwe akanayimbira bwino mpira ali m'bokosi. Woyimbira anaimitsa mpira, anafunsa Moira kanthu, anayenda mpaka pakabichi, n'kuloza kunja.

"Ndili pakhomo panga!" anakuwa a Sanny.

"Muli m'bwalo, akulu. Tulukani."

A Sanny anayang'ana malata amene anazungulira dimba lawo. Kenako nkhope yonse inawala. Anatsika makwerero mwachifumu, akugwedeza dzanja mbali zonse ngati wapambana chisankho, anthu akuimba dzina lawo, mpaka anakalowa m'khitchini.

"Netta! Anditulutsa m'bwalo! Ine! Kodi ukudziwa kuti amatulutsa munthu amene ali mkati yekha?"

"Ndamva. Vulani nsapato."

Chigawo chachiwiri anaonera pazenera la pamalo otsukira mbale, atalitsegula pang'ono kuti malangizo azituluka.

Anakuwa zaka zina ziwiri ali m'bwalo mwawomo. Timu sinakwerenso, koma sinatsikenso, ndipo a Sanny anapeza adani atsopano m'matauni amene kale sankawadziwa n'komwe. M'nyengo yozizira yapitayi chifuwa cha mumgodi chija chinawagwira zolimba. Anamwalira m'mawa wina pakati pa sabata, ali pampando wawo, atangomaliza kudandaula kuti kumbuyo kwa timu kulibe munthu wolankhula. Pamaliro tchalitchi chinadzaza mpaka pabwalo. A ku Pitcowan anabwera basi yonse, atavala nsalu za timu yawo m'khosi, ndipo palibe amene anawauza kuti avule.

Masiku ano mpira ukuyendabe. Magetsi amayaka, zitumbuwa za Moira zimatha msanga, ndipo agoloboyi a alendo amagwira mipira mwamtendere woti umatinyansa. Timakuwa ndithu, koma tinazindikira mochedwa kuti ife tonse tinkangoyankhira, woyambitsa anali mmodzi.

A Netta sanaonerepo mpira moyo wawo wonse, ndipo sankafunikira kutero. Loweruka lapitali Moira anawapeza ataima pakati pa khitchini, nsalu yopukutira mbale ili m'manja, bwalo lonse likusokosera kuseri kwa chitseko.

"Azakhali, muli bwino?"

"Ndili bwino, mwana wanga. Koma tandiuza, wagoletsa ndani? Ife kapena iwo? Kale ndinkangomva kwa amalume ako aja ndili pompano. Tsopano ndimangomva phokoso."