Foni inandikana, n'kutsekulira mng'ono wanga

Masiku ano ndikamafika pachigayo cha ku Magaleta, amayi amayamba kutsokomola onse pamodzi. Chifuwa chimenechi ndikudziwa kumene chinachokera.

Mwana wanga wa ku Blantyre anandigulira foni yosisita ija. Anati, "Amayi, muziitseka, tiyike manambala." Ine sukulu ndinangoiona denga, ndiye ndinaloweza ngati nyimbo: pamwamba, pakati, pakati, pansi. Tsoka lake, podina ndinkayimbanso mokweza. Posakhalitsa ngakhale wotchaja mafoni ankandiyimbira nyimboyo ndikangotulukira.

Tinasinthira ku chala. Mwanayo anati chala palibe angabe. Zoona, koma chala cha munthu wokumba mbatatesi? Ming'alu yokhayokha! Foniyo inkandikana ine mwiniwake (ndinachinyambita, ndinachidzoza mafuta ophikira, ayi ndithu).

"Basi, tiyike nkhope," anatero. Apa ndinakondwa. Nkhope sungaiwale kudimba.

Tsono pali a Phiri ena, ogulitsa manachesi ku Lisungwi, amene akazi awo anamwalira. Anayamba kumanditumizira mawu pafoni. (Musandiyang'ane choncho, ine ndinkangomvera.) Chikhalirecho ndine ndinkalalikira anzanga kuti za amuna ndinatseka chitseko kalekale.

Tsiku lina ndikupeta mphale pachigayo, foni inalira m'thumba. Mng'ono wanga Esinala, amene anthu amatisokoneza kuyambira tili atsikana, anaitulutsa kuti andipatsire. Anangoiyang'ana, iyo tseku!

"Achemwali, yandidziwa!" anatero, chala chili kale pa uthenga umene unali utangolowa.

Chigayo chinali chitangozima kumene, moti mawu a Phiri anamveka bwalo lonse: "Mayi Nachisale, kampata ka m'mano mwanu kaja kakundisowetsa tulo."

(Kampatako si kachibadwa. Dzino linapita ndi chimanga chokazinga.)

Amayi anagubuduka ndi kuseka, ena nthungululu. Esinala akuti, "Alamu athu mawu ngati a pa wailesi, eti? Kodi chitseko chija mwatsekula liti?"

Ndinamulanda kuti ndiletse, koma inali itadzitsekanso. Ndinaiyang'ana, nkhope ili mbuu ndi gaga, inandikana. Ndinatong'ola maso, ndinamwetulira, osatheka. A Phiri anayankhula mpaka kumaliza, n'kuwonjezera kanyimbo.

Mwana wanga akuti nkhope pa mafoni otchipa ndi loko wa chidole, tibwerere ku manambala. Ndavomera. Koma a Phiri ndawauza kuti mawu otere azibwera nawo okha, wapansi. Khutu langa silitsekuka ndi nkhope ya Esinala.