Zifuwa za ku Thamesmead Zasowa Mwini

Mmalawi aliyense amene anatsokomolapo ku Thamesmead, kwa azungu kuja, akudziwa kuti malemu Bambo Paterson Kalimbuka sankakhulupirira "ndili bwino" wapakamwa. Anajambula anthu ekisireyi mpaka kupuma pantchito, koma maso awo anakana kupuma nawo. Ukawapatsa moni ankakuwongola mapewa: "Kokani mpweya, gwirani!" Ngakhale abusa anagwirapo mpweya pakhomo la tchalitchi, mpingo wonse ukudikira.

Vuto lawo linali loti uthenga wabwino ankaunena pomaliza.

Amene anazilawa ndi Mayi Etta, ogwira ntchito yosamalira okalamba. Atatsokomola chisanu chonse anakajambulitsa chifuwa, adokotala nkunena kuti zonse zili bwino. Koma iwo anali ataona pachithunzipo chinthu choyera, chachikulu ngati papaya. Anati basi, azungu amangolankhula mwaulemu. Analongedza katundu kuti akafere kwawo ku Ntcheu, nyimbo za pamaliro atasankhiratu.

Lamlungu, mapemphero atatha, anawaonetsa Bambo Paterson chithunzicho pafoni.

"Dzina ndi lanudi. Munaima mowongoka. Njira ya mpweya ili pakati..."

"Bambo, just tell me, ndifika Khirisimasi?"

"Musandidule, ndikuwerenga nthiti. Mwaona, ndayambiranso."

"Nanga kwakudaku?"

"Mapapo. Adzaza mpweya, nchifukwa chake ada."

"Kadzenje kapansika?"

"Mpweya wa m'mimba. Munadya nyemba eti?"

Mayi Etta analoza choyeracho. Mkulu uja anavula magalasi, kuwapukuta, kuitanitsa tiyi, kenako nkuyeza ndi zala.

"Mayi, chotupa ichi musalole achichotse. Ndi mtima wanu. Sunapitirire theka la chifuwa, size yabwinobwino. Kamasuleni masutikesi, shift ikukudikirani."

Mayiwo analira, anaseka, mpaka anawamenya ndi chikwama.

Chaka chatha Bambo Paterson anagwa akudikira basi, osadzukanso. Anthu awasowa zedi. Masiku ano zotsatira zimangofika pafoni, liwu limodzi lachizungu, munthu nkutsala ndi mantha ake onse.

Posachedwapa mayi wina wongofika kumene kuchokera kumudzi anaonetsa Mayi Etta chithunzi cha chifuwa chake, misozi ili chuchuchu.

"Iii, umenewo ndi mtima basi," anatero Mayi Etta msangamsanga.

Mlendoyo sanakhulupirire. Choncho Mayi Etta anamukhazika pampando, kuitanitsa tiyi, nkuyambira pa dzina, pang'onopang'ono. Pofika pa nthiti anakumbukira Bambo Paterson nkuyamba kulira, ndipo wodwala uja ndi amene anayamba kuwatonthoza.