A Pakhalandani Ankaopa Tchuthi

Anthu ena amaopa njoka, ena mphenzi, ena apongozi. Achimwene anga ankaopa tchuthi. Kuyambira pamene analowa ntchito ku fakitale ya sopo, tsitsi lili bii, mpaka mutu unachita dazi lowala ngati mbale yotsuka, munthu uja sanapemphepo ngakhale tsiku limodzi lopuma. Mukawauza kuti, "Akulu, kapumeniko," ankakuyang'anani kuchokera kumapazi mpaka kumutu, n'kufunsa motsitsa mawu: "Ndikapita, pamalo pangapo pakhala ndani?" Dzina lawo lenileni linathera pomwepo. Tauni yonse inkangoti a Pakhalandani.

Ndinene msanga: owaseka ndife apabanja. Wakunja aziseka cham'mimba, chifukwa dzanja lomwelo ndi limene linaphunzitsa ana onse a m'nyumba mwawo, kuphatikizapo anga pamene bambo awo anatisiya.

Ntchito yawo inali yodinda sopo. Sopo akadulidwa, adakali wofewa, ankadutsa patebulo lawo, iwo n'kumenya chidindo chachitsulo, pha! dzina la kampani lakhala. Wina atha kunena kuti ndi ntchito yochepa. Anene ali kutali ndi ine.

Mantha awowo sanagwe kumwamba. Iwo analowa pafakitalepo ngati waganyu, kugwirizira malo a bambo wina amene anapita ku tchuthi. Bamboyo pobwera anapeza kapitawo akukanda m'mutu, akuti mnyamatayu ali ndi dzanja lachangu, inu mubwereko mwezi wamawa. Musandiyang'ane choncho, achimwene sanabe kanthu. Bambo uja ankadinda ngati akupempha chilolezo kwa sopo. Koma achimwene anamuona ataima pageti, kachikwama kali m'manja, akuyang'ana chumuni. Chithunzi chimenecho sichinawachoke. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye kuyambira pamenepo, chabwino chilichonse chochokera ku ofesi chinali msampha. Tsiku lina bwana wamkulu anaima patebulo pawo n'kuti, "Thupi likuyenda bwanji, madala?" Madzulo ake chakudya chinawakanika.

"Wandifunsa za thupi," anauza alamu anga, akazi awo.

"Ndiye chavuta n'chiyani? Si moni umenewo?"

"Munthu wamphamvu samufunsa za thupi. Waona chinachake. Kapena wauzidwa."

Atawapatsa ovolosi yatsopano, anaitambasula pakhonde n'kuiyeza ndi zikhatho. Miyendo inali yotalikirapo pang'ono. "Mwaona? Asokera munthu wamtali. Ineyo ndikungomufewetsera." Chaka chimene kampani inakweza malipiro, anzawo akuvina, iwo anabwera nkhope ili gwa ngati achokera kumaliro: "Nkhuku ukaona akuionjezera chakudya, dziwa kuti mpeni aunola kale." Anawapatsapo ukapitawo, anakana. Akuti imeneyo inali njira yaulemu yowachotsera patebulo, ndipo wokwera pamwamba ndi amene amagwa momveka.

Koma mdani weniweni anali pafupi, patebulo lotsatira. Kumeneko kunali bambo wolongedza sopo m'makatoni, wamtali, wosekerera nthawi zonse, moti anthu ankamutcha a Manopanja. Munthu wopanda vuto ndi aliyense. Kwa achimwene, umenewo ndiwo unali umboni.

"Ukusekerera chiyani?"

"Palibe, akulu. Ndi nkhope yanga."

"Nkhope imeneyo ukailozetse kukatoni. Ndakuona ukuyang'ana dzanja langa."

"Ndimadikira sopo, akulu."

"Lero sopo. Mawa chidindo."

Ngakhale kuchimbudzi ankapita nacho chidindocho m'thumba. A Manopanja akawabweretsera tiyi, ankayamba afunsa kuti pali nkhani yanji. Akapanda kuwabweretsera, ankati, "Eya, wayamba kudzimva."

Pa ukwati wa mwana wawo wamkazi, ife tinavala zatsopano kuyambira m'mawa. Iwo anati Loweruka fakitale imaweruka masana, ukwati si moto, udikira. Anafika mwambo uli kumapeto, jekete pamwamba pa ovolosi, fungo la sopo lili patsogolo ngati wowalengeza. Atamugwira chanza mkamwini, sanamusiye dzanja.

"Kuntchito mwatsanzika kuti chiyani?"

"Andipatsa masabata awiri, bambo."

"Akupatsani okha, osapempha?"

"Okha, bambo. Ndi anthu abwino."

Achimwene anatembenukira kwa ine, misozi ili m'maso. Anthu ankati ndi chimwemwe. Anandinong'oneza: "Mlongo, mwana wanga wakwatiwa ndi lova, kungoti mwini wake sanadziwe."

Zinthu zinasokonekera kutabwera mayi wina wachitsikana woona za antchito. Ameneyo anawaitanira ku ofesi, n'kuwapatsa mpando wofewa. Iwo anakhala kunsonga kwenikweni, poti mpando wofewa nawonso ankaudziwa.

"Bambo, lamulo likuti wantchito azipuma. Inu mupita mwezi wathunthu."

"Ndalakwanji, mayi?"

"Simunalakwe chilichonse."

"Nanga mukundilangiranji?"

"Si chilango. Malipiro mulandira onse."

"Kundilipira ndili kunyumba? Kampani ino, imene imadandaula ndi thovu lomwe likatayika?" Anasendera pafupi. "Mayi, inu ndinu mwana, ndikuona kuti akutumani. Ingondiuzani mwakachetechete. Ndi wamano uja?"

"Bambo, Lolemba mukabwera, alonda sakulowetsani."

Lolemba anadzuka nthawi yawo ya masiku onse. Alamu anga anawapeza akumanga zingwe za nsapato.

"Mukupita kuti, poti muli pa tchuthi?"

"Kokapuma."

Anakapumira pakashedi ka wosoka nsapato, moyang'anizana ndi geti la fakitale. Anavala magalasi akuda obwereka, chipewa chofika m'makutu, n'kutsegula ambulera kunja kulibe mvula kapena dzuwa. Maganizo awo anali akuti palibe angawazindikire. Antchito onse polowa ankakweza dzanja: "Mwadzuka bwanji a Pakhalandani! Tchuthi chikukoma?"

"Sindine!" ankayankha ali kuseri kwa ambulera.

Aliyense wachilendo wolowa pagetipo ankamuyeza ndi maso, makamaka dzanja lamanja. Mnyamata wina wobwera kudzakonza magetsi anamulondola mpaka pokwerera basi, n'kumufunsa ngati anagwirapo chidindo chibadwire. Wosoka nsapato anapirira sabata yoyamba. Yachiwiri anayamba kudandaula kuti makasitomala akuthawa, akuganiza kuti pashedipo pakhala wapolisi wachinsinsi.

Poona kuti khoma silionetsa za mkati, achimwene anapeza nzeru ina. Madzulo aliwonse ankalowa m'golosale ya pafupi ndi kwawo, n'kugula sopo mmodzi wa kampani yawo. Kunyumba ankamuika pansi pa getsi, n'kumuzungulira ngati dokotala. Sopo anadzaza pawindo, pakabati, mpaka pamwamba pa wailesi.

"Bwerani mudzaone, mayi a ana! Chilembo choyambachi chapendama. Chomalizachi sichikuoneka n'komwe. Dzanja la mbuli ili! Kampani yatha!"

Mawa lake anapita nayo nkhaniyo kwa mwini golosale, sopo ali m'manja, anthu ali pamzere.

"Mukugulitsa chiyani ichi? Wodinda ameneyu ndi wofunika kumuchotsa ntchito lero lomwe."

"Madala, katoni imeneyo inabwera miyezi itatu yapitayo. Wa mwezi uno sanafike."

Miyezi itatu yapitayo, patebulo lija panali munthu mmodzi yekha, ndipo aliyense pamzerepo ankamudziwa. Achimwene anamuyang'ana sopo uja, anamutembenuza, anamununkhiza. Kenako anagwedeza mutu mwachisoni.

"Ndiye kuti chiwembuchi chinayamba kalekale. Anandipindira chidindo."

Mwezi utatha, alonda anawapeza ataima pageti lisanatsegulidwe. Anathamangira patebulo pawo. Panalibe mlendo. Panali a Manopanja, amene anagwirizira mwezi wonsewo, ataima pambali mwaulemu, chidindo chili m'manja, chotsukidwa mpaka kung'anima.

"Takulandirani, akulu. Katundu wanu uyu."

"Wachitsukiranji?"

"Kuti muchipeze choyera."

"Kapena kufufuta umboni?"

Anachilanda, n'kupita kwa kapitawo akumwetulira chamseri. "Munavutika, eti? Nenani, sindikusekani."

"Ayi, madala, zonse zinayenda bwinobwino. Sitinatsalire ngakhale katoni imodzi."

Kapitawo ankayesa kuti akuwakhazika mtima pansi. Akanadziwa, akananama. Tsiku limenelo anthu akuti chidindo chinkamveka chapansipansi, ndipo a Manopanja sanafunsidwe kuti akusekerera chiyani. Poweruka achimwene sanapite kwawo, anabwera kwanga. Anakhala pakhonde, chipewa pabondo.

"Mlongo, ndiye kuti aliyense angathe?"

Ine ndinawauza kuti aliyense angathe kumenya sopo, ngakhale mwana wakhanda amamenya madzi m'beseni, koma kudinda ndi nkhani ina. Anandiyang'ana m'mbali.

"Iwenso wayamba kundiyamikira. Wamva chiyani?"

Apo ndinadziwa kuti achira.

Tchuthi chachiwiri sichinawapeze. Nkhani za penshoni zitayamba kumveka, thupi nalo linayamba kubwerera, koma ankabisa. Akamatsokomola ankamenya chidindo nthawi yomweyo kuti phokoso liphimbe. Loweruka lina anadinda mpaka belu lowerukira linalira, anapukuta tebulo, anatuluka pageti, n'kukagwera pafupi ndi shedi ya wosoka nsapato. Taonani munthu! Ngakhale matenda anawauza kuti adikire aweruke.

Lamlungu masana, tili kuchipatala, a Manopanja analowa ndi kathumba ka malalanje. Achimwene anatsegula diso limodzi.

"Iwe uli kuno, kuntchito kwatsala ndani?"

"Lero ndi Lamlungu, akulu."

"Wabwera kudzaona ngati ndatha."

"Ndabwera kudzakuonani."

"N'chimodzimodzi." Anayang'ana kudenga. "Mawa ndichedwa pang'ono. Ukagwirizire."

"Ndikagwirizira, akulu."

"Ndipo akafuna kubweretsa wakunja, ukakane. Ukakhalepo iweyo. Iwe ndakulondalonda zaka zonsezi, mayendedwe ako ndikuwadziwa. Wachilendo ndikayambira pati?"

A Manopanja anasendera pafupi. Anangowagwira dzanja lija, lamanja, lokhala ndi zikang'a ngati khungwa. Achimwene anawalola. Kenako anati, "Usaliphunzire," n'kutseka maso. Dzuwa lisanalowe anali atapita, osajomba ngakhale tsiku limodzi la kampani.

Kumaliro fakitale yonse inabwera, ndi mayi woona za antchito yemwe, amene analira kuposa achibale ena amene sindiwatchula pano, akudzidziwa okha. A Manopanja anakaima patebulo paja monga anauzidwa, n'kukana kuti dzina lawo lilembedwe pamalopo. Ankati akungogwirizira. Koma sipanapite nthawi, kampani inabweretsa zikombole zatsopano zotulutsa sopo dzina lili kale pamimba. Tebulo analinyamula, pamalo pake anaunjikapo makatoni opanda kanthu. Munthu analondera malo ake moyo wonse, kuyang'ana kumanja ndi kumanzere, wakuba n'kubwera pagalimoto atakulungidwa m'mapulasitiki. Akuti zinangochitika. Ine ndikuti zikombolezo anazigula kale, ankangoopa kuzitsitsa mwini wake ali moyo.

Ndinakumana ndi a Manopanja posachedwa pokwerera basi, tsitsi lonse laimvi. Ndinawafunsa za kuntchito. Anati kuli bwino, malipiro akubwera, kulibe wokangana ndi mnzake. Bwana akapereka moni, anthu amangoyankha, nkhani n'kuthera pomwepo. Anati chaka chatha anadwala, anagona kunyumba masabata angapo, ndipo tsiku lobwerera analowa pageti, navala ovolosi, nayamba kulongedza, osapezeka ndi mmodzi yemwe wotukula mutu.

"Kale, mayi," anatero akuyang'ana kumsewu, "ndikangochedwa kuchimbudzi, panali munthu wofuna kudziwa kuti ndinali kuti, ndi yani, tikukambirana chiyani. Pano ndikhoza kusowa mwezi wathunthu."

Basi yawo inafika. Anakwera, ine ndinatsala ndikudikira yanga.